Munda wa Agogo pa Thabwa la Che Amidu

Fungo la penti ndi palafini limandibwezera ku Old Town, pakhonde pa neba wathu Che Amidu, amene ankakhala pachitini tsiku lonse akulemba zikwangwani za matelala ndi ogulitsa nyama, burashi ina ili kukamwa, wailesi ikulira pansipansi.

Likulu likusamukira ku Lilongwe, mathirakitala anagumula mudzi wa agogo anga aakazi pamodzi ndi munda wawo kuti pamangidwe maofesi. Che Amidu ndiwo anathandiza bambo kututa chimanga chomaliza panjinga. Agogo anabwera kudzakhala nafe, koma anangofikira pamphasa n'kutembenukira kukhoma. Phala linkazizirira m'mbale. Amayi akawanyengerera, yankho linali limodzi: "Wopanda munda adyeranji?" Mikono yawo inkawonda ife tikuona, ndipo ine ndinkachita mantha kwambiri.

Tsiku lina masana Che Amidu anaodira atanyamula thabwa lalikulu.

"Amama, ndabwera ndi munda wanu."

Ndinangoti kukamwa yasa! Pathabwapo anajambulapo munda: thambo linali lachikasu ngati likuyaka, mithunzi ya mikukwe ya chimanga inali yabuluu, dothi lofiira kuti psuu. Penti anapaka ndi mpeni, wochindikala, mpaka mizere ya m'munda inatukuka pathabwapo. Anthu anali atawerama, ena akusenda chimanga, ena akuthira m'madengu, ndipo ndinkaona ngati akusuntha. Koma panalibe nkhope ndi imodzi yomwe.

"Nanga nkhope zili kuti?" ndinafunsa.

"Nkhope amaumba ndi Mulungu yekha, mwana iwe. Ine ndimalekezera pamsana."

Agogo anadzuka movutikira n'kuyamba kuyendetsa chala m'mizeremo. "Msana uwu ndi wa Nabanda, mlesi uja. Uwu ndi wanga." Chala chinakaima pangodya, pomwe chimanga chinali chiimire, chosadula. Agogo anawayang'ana Che Amidu mokwiya.

"Nanga ichi mwasiyiranji? Mukufuna chiswe chidye?"

"Chikudikira mwini wake, amama."

Kenaka agogo anatembenukira kwa amayi.

"Iwe, tenthetsa phala lija."

Anakhala nafe mpaka ine nditakwatiwa. Lero ndikamayenda pakati pa mabanki ku City Centre sindingaloze pomwe panali mundawo. Koma thabwalo lili pabalaza panga, ndipo pangodya paja penti anayera chifukwa cha chala cha agogo, amene m'mawa uliwonse ankayamba akaona ngati chiswe chalowa.