Bambo Lawford Msowoya ndi Chitsulo cha Njanji

Ambiri mu mpingo wathu amakumbukira bambo Lawford Msowoya ngati nkhalamba ya njinga yakuda imene inkalengeza maliro. Ochepa ndi amene akudziwa kumene zinayambira.

Iwo anabadwira ku Karonga, m'banja lopemphera. Ali mnyamata anapita kumwera kukafuna ntchito, ndipo analembedwa ku njanji monga woponya malasha m'ng'anjo ya sitima yoyenda pakati pa Limbe ndi Salima. Anzawo ankawaseka kuti ndi m'busa wa mwaye, chifukwa ankaimba nyimbo za Mulungu nkhope ili bii. Sitima za dizilo zitabwera, ntchito inatha. Anakwera lole ya ku Lilongwe ndi sutikesi imodzi komanso chidutswa cha njanji yakale chimene kapitawo wawo anawapatsa ngati chikumbutso.

Nthawi imeneyo Lilongwe inali kaboma chabe. Amene anawalandira anali mayi Marcelina, mayi wamasiye wogulitsa ndiwo zamasamba pamsika, ndipo anawadyetsa ngati mlongo wawo mpaka atapeza ntchito ya ulonda. Pothokoza Mulungu, bambo Msowoya anapachika chitsulo chija pamtengo wa mbawa, kunja kwa katchalitchi kathu ka njerwa pafupi ndi mtsinje. Lamulungu ankachimenya mofulumira, koma kukagwa maliro ankachimenya pang'onopang'ono. Amayi akamva kulira kotero ankavundikira malonda n'kuthamangira kusiwa.

Kenako likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Anthu a m'maofesi anadzaza nyumba zatsopano, mpingo unamanga tchalitchi chachikulu cha belu lenileni chakufupi ndi Area 12, ndipo bambo Msowoya anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Apa m'pamene munthu wa Mulunguyu anapunthwa. Palibe amene anawatuma, anali manyazi basi. Ataona alendo a matayi akuyang'anitsitsa chitsulo cha dzimbiri chija, anachitsitsa ndi manja awo n'kukachipereka kwa osula, amene anasulira nkhwangwa.

Pasanapite nthawi, mayi Marcelina anamwalira mwadzidzidzi. Mbale wawo anathamangira pamtengo wa mbawa, koma anapezapo waya wokha. Pamene uthenga unkafika pamsika, thupi linali litanyamulidwa kale kupita kumudzi. Bambo Msowoya anafika pakhomo anthu akukulunga mphasa. Evelina, mwana wa malemu, anawayang'ana n'kunena kuti, "Amalume, amayi apita ngati mlendo."

Mawu amenewa anawabaya moyo wawo wonse. Anatula pansi udindo wa ukulu wa mpingo. Njanji itafika ku Kanengo kuchokera ku Salima, anakapempha chidutswa china n'kuchikankha pa wilibala mpaka pamtengo paja. Poona kuti phokoso la magalimoto likuchimeza, anagula njinga, ndipo pa maliro alionse ankayenda khomo ndi khomo, kaya ndi dzinja kaya chilimwe. Ena atafuna kugwetsa katchalitchi kaja kuti pamangidwe masitolo, iwo ankakhala pakhonde pake ndi Baibulo tsiku ndi tsiku, osakalipira munthu, mpaka maganizowo anazilala. Ankamata ming'alu, kusesa ndi kulimbana ndi chiswe. Ankakonda kunena kuti, "Chakale usataye usanafunse amene chimawaitana."

Koma khomo la Evelina lokha ankalilambalala, ndipo akamuona pamsika ankakhota. Uthenga wa kumeneko ankatuma anthu ena.

Atakalamba n'kugwidwa ndi matenda, anaitanitsa Evelina, amene tsopano anali ndi imvi.

"Mwanawe, ine ulendo wayandikira," anatero. "Kodi amayi ako ndikawauza chiyani?"

Evelina anagwada pambali pa bedi, misozi ili mbwee. "Amalume, ine ndinakhululuka chaka chomwecho. Ndinkadikira kuti mubwere mudzamwe tiyi, koma inu n'kumandithawa."

Bambo Msowoya anati chapansipansi, "Ndiye kuti ndakuchimwira kawiri."

Evelina anawagwira dzanja n'kuyamba pemphero. Asanafike pa Ameni, bambo athu anali atapuma mumtendere.

Abale ndi alongo, katchalitchi kaja kadakalipo chifukwa cha iwo, ndipo tikuthokoza Ambuye. Koma tisatengere mantha awo. Amene tinamulakwira tisamulambalale, mwina anatereka kale madzi a tiyi.