Azungu anakwirira yawo, ine ndinafunditsa yanga chilona

Lachiwiri lapitali ndinayenda kuchokera pa Boma mpaka kunyumba mutu uli wometedwa mbali imodzi. Amene munandiona, dziwani kuti sindinapenge. Ndinangopsa mtima, monga mwa masiku onse.

Zinayamba chonchi. Ndinapita kukametetsa kwa Yusufu, uja amameta kuseri kwa msika. Ali mkati mondimeta, anazimitsa makina n'kundionetsa kanema pa foni yake. Akuti mumzinda wina ku Amereka, kalekale, anthu anatenga galimoto yatsopano, yosayendapo, n'kuikumbira dzenje pakati pa tauni. Dzenjelo analimanga ndi simenti, galimoto anaikulunga bwinobwino, anaikamo ndi tizinthu tina ta masiku amenewo, n'kukwirira. Cholinga chake? Kuti pakadzatha zaka makumi asanu adzukulu adzafukule, adzaone mmene makolo awo ankakhalira.

Zaka zinakwanadi. Anthu anasonkhana, ena m'masuti, ojambula ali mbwee. Atavundukula anapeza madzi. Galimoto inatuluka ngati chitini chimene chagona m'dambo la mpunga, dzimbiri lokhalokha. Ndipo munthu amene anayenera kupatsidwa galimotoyo ngati mphoto ya mpikisano wa nthawi imeneyo anali atamwalira kalekale.

Ndinaseka mpaka Yusufu anachotsa dzanja pamutu panga kuopa kundicheka. Ndinalankhula mokweza kuti sukulu ikachuluka imaononga mutu. Ife kuno timaviika chinangwa masiku ochepa n'kuvuula, iwo aviika galimoto zaka makumi asanu. Ankafuna atulutsemo kondowole?

Pa mpando wodikirira panali a Shaibu, msodzi wachikulire amene pakamwa pake palibe chitseko. Anadikira kuti ndithe kuseka, kenaka anafunsa mofatsa ngati akufunsa nthawi.

"Nanga yanu ija, a Mbewe, mudzafukula liti?"

Apa ndiyenera kufotokoza, poti si nonse mumadziwa kwathu.

Malemu bambo anali ndi galimoto. Anaigula kwa mmwenye wina amene ankatseka sitolo yake pa Boma. Inali yobiriwira, yamphuno yaitali, nyali zake zozungulira ngati maso a kadzidzi, ndipo hutala wake ankamveka mpaka kudoko. Inanyamula amayi oyembekezera, inanyamula akwatibwi a kutchalitchi ndi a kumzikiti omwe, inanyamula maliro. Bambo sankadziwa kukana. Munthu akagogoda, iwo ankayamba kufunafuna makiyi asanamve n'komwe vuto lake.

Atamwalira, ine ndinati basi, yavutika mokwanira. Ndinaikhazika pa njerwa kuseri kwa nyumba, ndinaifunditsa chilona chachikulu mpaka pansi, ndinamanga zingwe, ndinatsindira miyala. Kenaka ndinalamula kuti aliyense woikhudza aona zakuda. Mwana wanga Zione anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Analira kuti akufuna kukhalamo pang'ono, ine ndinamukalipira, kenaka pomutonthoza ndinamulonjeza kuti adzaikwera tsiku la ukwati wake.

Papita zaka khumi ndi zisanu. Sindinavundukulepo, chifukwa ndinkakhulupirira kuti ukamatsegulatsegula chinyezi cha kunyanja chimalowa. Lamulungu lililonse ndinkangoisisita pamwamba pa chilona ngati ng'ombe, n'kumati sunga khosi, mkanda uoneka.

Ndiye ukwati wa Zione watsala milungu itatu. Pa msonkhano wa komiti ndinaimirira pamaso pa ankhoswe a mbali zonse, n'kunena kuti nkhani ya galimoto ya mkwatibwi aifufute pa pepala. Ndinati mwana wa a Mbewe sakwera galimoto yobwereka, ilipo ya agogo ake, ingofunika batire ndi makaniko wa tsiku limodzi.

Zonsezi ndinawakumbutsa a Shaibu, mawu akukwera. Ndinati yanga siili m'dzenje, ili pamtunda, ndipo adzaiona ndi maso awo ikuliza hutala. Iwo anangoti "Inshallah," n'kuyang'anana ndi Yusufu. Kuyang'anana kumeneko ndi kumene kunandiutsa pa mpando. Ndinavula nsalu ya pakhosi, ndinaiponya pansi, ulendo.

Kunyumba ndinapeza mayi a Zione akupeta mpunga pakhonde. Anayang'ana mutu wanga, sanafunse kanthu. Akhala nane zaka zambiri. Ndinatenga chikwanje, ndinadula zingwe zonse, ndinakoka chilona.

Choyamba kutuluka inali nkhuku ndi anapiye ake. Kenaka fungo.

Abale anga, ndinaima ngati mtengo. Matayala atatu kulibe. Mpando wakumbuyo kulibe. Chitseko chimodzi kulibe, ndipo pamalo pake wina anali ataimika nsungwi mwaluso kuti chilona chisaphwe, chizioneka ngati zonse zili m'malo. Ndiye kuti zaka zonsezi Lamulungu ndakhala ndikusisita nsungwi. Nditatsegula ku injini ndinapeza mavu, zisa za makoswe ndi matope ouma a madzi aja anatisefukira dzinja lina. Ndinaponda m'kati, phazi linabowola n'kukafika pa dothi.

Ndinakuwa kuti m'mudzi muno muli akuba, ndipo ndikupita kupolisi pompano. Mayi a Zione sanasiye kupeta.

"Mukamapita munditenge, bambo a Zione, apolisi asavutike kubwera kawiri."

Kenaka anayamba kundiuza, modekha, ngati akuwerenga mayina a odwala kutchalitchi. Limu yoyamba, chitsulo chija chimagwira tayala, anapatsa aphunzitsi aakulu a pasukulu yathu ya pulayimale belu lawo litasweka. Akuti anabwera kudzapempha kwa ine, koma atandimva ndikukalipira mbuzi anabwerera pa mpanda. Matayala awiri akumbuyo ndi chitsulo chake ali pansi pa ngolo ya alamu anga ku Benga, ngolo yomwe ija imatibweretsera mpunga chaka chilichonse ine n'kumaitamanda kuti ndi yolimba. Chitseko chinakatseka khola la nkhunda kwa azakhali. Chitsulo china cholemera cha ku tayala ndi nangula wa boti la a Shaibu.

"Utaka umene a Shaibu amatigawira mumayesa ndi chifukwa cha nkhope yanu?"

Ndinakweza chikwanje kuloza kumwamba kuti ndilumbire, iwo n'kundiuza kuti ndichigwire mwaulemu, chifukwa nachonso ndi galimoto ya bambo. Wosula zitsulo anachisula kuchokera ku sipuling'i yake.

Ndinakhala pansi, pa njerwa.

Chimene chinandipweteka si kuti anapereka ayi. Chinandipweteka ndi chimene maso anga ankaona. Zonse zimene ndinasunga zaola. Zonse zimene zinatuluka mozemba zili moyo. Chikwanje chikunyezimira, ngolo ikuyenda, belu likulira m'mawa uliwonse ndipo ndakhala ndikulitukwana kuti limandisokosa. Galimoto ya bambo inapitiriza khalidwe la mwini wake, losadziwa kukana. Amene anaiphera pa njerwa ndine.

Anyani amasekana zikundu. Ndinaseka azungu pa foni, chikhalirecho changa chili pamtunda, Boma yonse ikuchiona.

Koma musafulumire kundiseka, inu owerenga. Tayang'anani m'nyumba mwanu.

Mbale zija zili mu kabati ya galasi, zamaluwa, mwadyerapo liti? Mukudikira alendo. Alendo ake ati, amene sanafike chikwatirane chanu? Ana akudyera m'mbale zobooka, zabwinozo zikudyeredwa ndi mphemvu. Mipando ya pabalaza ikadali m'mapulasitiki ake a kusitolo, munthu ukakhalapo mwezi wa Okutobala umadzuka thalauza itamatirira. Amayi, zitenje zija zili pansi pa sutikesi, zosachapidwapo, mukusungira tsiku liti? Tonse tikudziwa tsiku limene zimatuluka. Amatulutsa ndi ena, mwini wake atagona chagada, ndipo amayamba kukanganirana maliro asanatuluke m'nyumba.

Abambo ndiye musanene. Ndikudziwa mnzanga wina ali ndi injini ya boti m'chipinda chogona, pansi pa bedi, chaka chachisanu tsopano. Amapalasa ndi nkhafi ngati wina aliyense. Ukamufunsa amati akuisunga. Kuisungira ndani? Dzimbiri silidikira kuti ukonzeke.

Ndipo matenda amenewa sathera m'makomo mwathu. Dutsani kuseri kwa maofesi ambiri m'dziko muno, muwerenge magalimoto amene akhala pa njerwa, udzu utamera m'kati. Ambiri anaima chifukwa cha kachitsulo kochepa ngati chala. Kukonza ayi, kugulitsa ayi, kupatsa wosula zitsulo ayi, chifukwa ndi katundu wolembedwa. Mumve za chinyumba chomangidwa bwinobwino chimene chimakhala chokhoma miyezi ndi miyezi podikira bwana adzadule kansalu, mileme n'kuyamba kugwiritsa ntchito anthu asanalowemo. Azungu aja anakwirira imodzi yokha, ndipo anachita kuitana anthu kuti adzaone manyazi awo. Ife timakwirira tsiku ndi tsiku, popanda ndi dzenje lomwe.

Sindikunena kuti tizimwaza zinthu. Ndikudziwa chifukwa chake timasunga. Tinakulira m'kusowa, ndipo munthu amene wapeza chinthu chabwino kamodzi amaopa kuti chikatha sadzachipezanso. Inenso sindinkasunga zitsulo ayi. Ndinkaopa kuti galimoto ikatha, bambo atheratu. Koma akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Tibwerere kwa mkwatibwi, poti vuto lenileni linali pamenepo. Milungu itatu, galimoto palibe, ndipo amene anaifufutitsa pa pepala ndi ine ndi pakamwa pangapa.

Zione amagwira ntchito ku Dwangwa. Anafika Lachitatu masana, mayi ake atamuimbira foni. Ndinali nditakonza mawu usiku wonse, koma nditamuona ndinangomutengera kuseri kwa nyumba n'kumulozera. Ndinkadikira misozi. Iye anazungulira chigobacho kamodzi, n'kuyamba kuseka, kuseka kwa mayi ake kwenikweni.

Anandiuza kuti wakhala akudziwa kuyambira ali Sitandade 6. Akuti belu lija litapachikidwa pa mtengo wa mango kusukulu, ankauza anzake onse kuti ndi la agogo ake, ndipo ankachita kulimbirana kuti aliimbe ndi iye. Akutinso iye ndi mwamuna wake anapangana kale ndi mnzawo wa ku Dwangwa amene ali ndi galimoto, ndipo komiti yonse ikudziwa. Ankangosowa munthu wolimba mtima woti adzandiuze.

Tangoganizani. Ankhoswe akuluakulu, amuna a ndevu zawo, anandiombera m'manja pa msonkhano uja akudziwa kuti ndikulonjeza khola la nkhuku.

Mtima unayambanso kukwera, koma mwanayo anandigwira dzanja.

"Ababa, ine za ukwati sindinkazidziwa n'komwe nthawi ija. Ndinkangofuna kukhala pamene ankakhala agogo, ndigwire chiwongolero. Munandikana."

Ndinakoka chitseko cha dalaivala, chinalira ngati mbuzi koma chinatseguka. Mpando unali utadyedwa ndi makoswe, ndiye ndinathamangira kukhitchini kukatenga ndowa, n'kuivundikira pamene pansi panali polimbako. Anakhala pa ndowapo, mayi wamkulu wa zaka makumi awiri ndi zinayi, n'kugwira chiwongolero ndi manja awiri. Anadina hutala. Hutalayo sanalire. Ndiye anamuliza yekha ndi pakamwa, mayi ake ali pambali akupukuta m'maso ndi chitenje. Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa dzimbiri limalowa m'maso.

Zaka khumi ndi zisanu mwana kudikira chinthu cha mphindi ziwiri.

Limu imene inatsala ndinaimasula ndekha Lachinayi, ndinaikweza pa kabaza, ndinakaipereka kutchalitchi kwathu, kumene belu lake ndi khasu lakutha. Idzalira koyamba m'mawa wa ukwati. Galimoto ya bambo sidzanyamula mkwatibwi, koma idzaitana anthu, ndipo nayonso ndi ntchito. Chigoba chotsalacho ndauza wosula zitsulo adzaone chimene angapezepo. Ndinamuuza ndekha, masana, mayi a Zione akumva, kuti aleke kunditenga ngati chilombo cha pakhomo.

Lachisanu ndinabwerera kwa Yusufu kukamalizitsa mutu. Ndinapeza pali anthu awiri patsogolo panga, ndiye ndinakhala pa mpando wodikirira, pambali pa a Shaibu, amene ndikuganiza kuti amagona pomwepo. Mpando wofewa bwino, wokutidwa ndi chitenje. Ndakhalapo kambirimbiri. Tsiku limeneli dzanja langa linagwera pambali, pamene chitenje chinang'ambika, ndipo ndinakhudza chikopa chobiriwira chokhala ndi kabowo ka ndudu. Kabowo kameneko ndimakadziwa. Anabowola ndi malume, pobwera ku ukwati ku Ngala, ndipo bambo sanawalankhule mwezi wathunthu.

Ndinayang'ana Yusufu. Yusufu anayang'ana kudenga.

"Khalani bwino, a Mbewe," anatero a Shaibu, akundisunthira malo. "Mwakwera kumbuyo ngati bwana. Tikutsitseni pati?"

Sindinapse mtima. Ndinatsamira, ndinatambasula miyendo, ndipo kunena zoona mpandowo ukadali wabwino kuposa mipando yanga ya m'mapulasitiki.

Nanga inu, chimene mwafunditsa chilona kuseri kwa nyumba yanu, mukuti mwana wanu adikire zaka zingati?