Masamba amene anandichotsera mlandu wa chigololo

Chizindikiro choyamba ndinachiona mwezi wa Ogasiti, nthawi yothirira ndiwo kudimba. Ndinayamba kuona timagazi pamene sindinali kumwezi, ndipo m'chinena munkapweteka ngati ndasenza katundu wolemera. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Kasenengwa, mayi wa ana atatu, ndipo si ine munthu wothamangira kuchipatala. Ndinati ndi kutopa chabe. Ndinakhala nazo miyezi iwiri, mpaka kukhala malo amodzi ndi abambo akunyumba kunayamba kuwawa.

Pakiliniki yathu anandifunsa mafunso ochepa, n'kunena kuti ndi matenda opatsirana pogonana. Anandibaya jekeseni, kundipatsa mapiritsi a sabata imodzi, ndiponso kapepala kokapatsa amuna anga kuti nawonso abwere. Kapepala kameneko ndi kamene kanayatsa moto. Amuna anga, atate ake a Chisomo, anapita kukayezetsa, osawapeza ndi kanthu. Atabwerako anangondifunsa funso limodzi: "Nanga inuyo mwazitenga kuti?" Chonsecho pa zaka khumi ndi zinayi za ukwati wathu sindinadziwepo mwamuna wina.

Mankhwala ndinamaliza, osasintha. Mu Novembala ndinabwereranso, anandipatsa ena, ndi kapepala kenanso. Ulendo uno abambowo ananyamula chikwama kupita kwa akulu awo ku Kapata, n'kuuza ankhoswe kuti Khirisimasi ikapita tikhale pansi, banja lithe. Zimenezi zinandipweteka kuposa matendawo.

Anamwino ataona kuti sizikusintha anandilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu m'tauni ya Chipata. Kumeneko umafika m'mamawa, kulandira nambala, kukwera sikelo, kenako kukhala pabenchi mpaka msana kuuma. Ndinalowa cha m'ma 2 koloko masana. Adokotala ake anali mayi wachitsikana ndithu. Atandiunika khomo la chiberekero, anandifunsa funso limene palibe anali atandifunsapo: "Amayi, kodi mumalowa m'madzi a m'damu kapena mumtsinje?" Ndinatsala pang'ono kuseka. Dimba lathu lili m'mbali mwa damu, ndipo chiyambire utsikana wanga ndimatunga nditaima m'madzi ofika m'mawondo.

Anati ndi likodzo. Ine ndinkadziwa kuti likodzo ndi la ana osambira m'madambo, aja okodza magazi. Iwo anafotokoza kuti mwa amayi mazira a tizilombo take, timene timachokera mu nkhono za m'madzi, amatha kukhazikika m'njira ya chiberekero, n'kumaoneka ngati matenda a chiwerewere. Anatulutsa foni n'kundionetsa zithunzi za m'nkhani ya akatswiri ofufuza, zofanana ndi zimene anaona mwa ine. Anati kukoleji anangozimva pang'ono, zambiri anaziwerenga okha. Kale, anatero, magazini a akatswiriwa ukawatsegula pa intaneti unkangoona ndime yoyamba, yotsalayo akufuna madola. Masiku ano ambiri ndi otsegukira aliyense, ndipo ena ali ndi layisensi yolola kusindikiza, kugawa, ngakhale kumasulira, bola utchule amene analemba.

Ndinapempha kuti nkhaniyo ndipite nayo kunyumba. Anandisindikizira masamba asanu ndi limodzi. Mankhwala a likodzowo anali mapiritsi akuluakulu owerengera kulemera kwa thupi, akumwa tsiku limodzi utadya. Mapiritsiwo anandipatsa chizungulire ndi nseru mpaka mawa lake.

Sabata yonse ndinakhala ndikumasulira masambawo m'Chinyanja. Amalume anga, amene ndi ankhoswe a kwathu, Chingerezi chinawapita patali, ndipo sindinafune wina adzanene kuti adokotala angondiikira kumbuyo monga mayi mnzawo. Pa tsiku la ankhoswe ndinawerenga ndime ndi ndime, amuna anga akutsatira ndi chala pa masamba a Chingerezi kuti aone ngati sindikuwonjezera zanga. Nditamaliza, amalume anawayang'ana n'kunena kuti, "Akamwini, ndiye kuti chibwenzi chimene mumanena chija ndi nkhono ya m'damu?" Palibe amene anaseka. Kenako amuna anga anati, "Amake Chisomo, ndinakulakwirani." Anabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Pano papita chaka ndi theka. Magazi anasiya, ululu unachepa kwambiri koma sunatheretu, chifukwa zipsera za mazira okhalitsa sizichoka zonse. Adokotala anati ndikanapita msanga bwenzi zili bwino kuposa apa. Kudimba ndimavala majombo, ndipo ndimapita kukaonedwa pa tsiku limene andilembera. Zimene ndinamasulira zija ndinakapatsako anamwino a pakiliniki yathu, mayina a olemba ali pamwamba monga layisensi ikunenera. Sindinapite kukawadzudzula. Iwonso nkhaniyi inali isanawafike.

Amayi anzanga a m'madimba, mukaona magazi osadziwika bwino musadikire monga ndinachitira ine. Pitani kuchipatala, ndipo za madzi muzinene nokha ngakhale asanakufunseni. Abambonso mukalandira kapepala kaja, yambani mwaperekeza akazi anu musanagamule mlandu. Amuna anga ndinawakhululukira, tikukhala bwinobwino. Koma Chisomo, mwana wathu woyamba, anamva zonse zimene zinkanenedwa za ine masiku amenewo, ndipo mpaka lero atate ake akamulankhula, iye amangowayankha ndi mawu amodzi.