Ndinkayimbira chete wa mdzukulu wanga

Ine pakamwa panga sipauma nyimbo. Polima ndiyimba, posinja ndiyimba, ngakhale pamaliro amayang'ana ine kuti ndiyambitse. Koma ilipo imodzi imene ndinapeka ndekha, ndikaikumbukira ndimafunda chitenje kumaso.

Inali ya mdzukulu wanga, mwana wa malemu mwana wanga wamkazi. Ndinamulera ine, ku Mkhumba kuno. Ali wamng'ono anali phokoso lokhalokha, kuseka ngati nkhanga, kuvina tchopa ng'oma isanalire. Atatha msinkhu tinamulowetsa kuchinamwali, anankungwi namulanga monga alangira onse: mtsikana ayang'ane pansi, asaseke mokweza, asayende m'makomo, asadye paliponse.

Anzake anangotuluka n'kuiwala. Wanganso anaiwala pang'ono. Koma zaka zija wailesi inadzaza ndi zipani, aliyense kukuwa chake, mwanayu anayamba kukhala chete. Chete, chete, wozizira ngati madzi otsika m'phiri la Mulanje. Kumjigo ankapita anzake atachoka, ine n'kuti ehe, wadana ndi miseche. Chakudya cha khomo lina ankakana, ati muli kanthu, ine n'kuti mwambo wamukhala. Akupeta nandolo milomo inkagwedera yokha, ine n'kuti akupemphera mwana wa Mulungu. Wailesi anaikulunga m'chitenje n'kuivundikira ndi dengu. Ndinaombera m'manja: ngakhale ndale zamunyansa!

Ndiye ndinapeka:

Wanga sayenda, wanga salongolola,
bwerani muone mwana wolangika.

Ndinkaiyimba kumjigo, mokweza, kuti amve amayi a ana oyendayenda.

Mng'ono wanga, amene ankapikula matemba ku Chilwa pa njinga, anafika tsiku lina n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Achemwali, mwanayu wasamba liti? Nanga tinsanza ta m'makututo n'ta chiyani?"

"Iwe wonunkha matemba ungaphunzitse munthu kusamba?" ndinatero ine. "Ako aja akuseka ndi anyamata pamsika, ndiye nsanje yakugwira."

"Anga akuseka ndi anthu. Wanuyu akuseka ndi khoma."

Ndinamuyimbira nyimbo ija mpaka anakwera njinga yake.

Nyimbo imayenda kuposa mwini wake. Inakafika kudambo la mpunga, kwa mnyamata wina wolimbikira ntchito, ndipo amalume ake anatumiza mawu kuti abwera kudzafunsira mbeta. Mayo ine, chimwemwe! Ndinazira nyumba, ndinapha nkhuku. Mwanayo ndinamusambitsa ndekha ngati khanda, msungwana wamkulu, ndipo ngakhale pamenepo maso anga sanatseguke. Pomuchotsa tinsanza m'makutu anandigwira dzanja.

"Anganga, tisiyeni. Andipeza."

Ndinati akunena alendo, manyazi a namwali.

Alendo atakhala pamkeka, mwanayo analowa ndi beseni ndi chikho cha madzi osamba m'manja. Anagwada bwino, maso pansi. Amalume aja akugwedeza mutu, ine mtima ukuvina. Anathira madzi, amalume n'kusamba, n'kuchotsa manja. Iye osaleka. Anathirabe mpaka chikho chinatha, madzi ena pamkeka.

"Auzeni asiye," anatero, akuyang'ana dengu lija pakona.

"Ndani, mama?" anafunsa amalume aja.

"A m'wailesi. Akunditchula dzina. Akuti inu mwabwera kudzandiika m'thumba."

Wailesi imene inalibe mabatire chiyambire kukolola. Kenako anaseka, kuseka kouma, nkhope osaseka nayo. Amalume aja anapukuta manja m'thalauza n'kuti akaganiza. Nkhuku inatsala m'mbale yosakhudzidwa.

Amene ndinathamangira ndi yemwe uja wa matemba. Anamukweza mwanayo pa njinga, ine ndikutsata pambuyo, njira yonse yopita kuchipatala popanda nyimbo. Adokotala anati ndi matenda a maganizo, munthu amamva mawu amene ena sakuwamva, si kulodzedwa, ndipo mankhwala alipo, koma zimapepuka akabwera msanga.

"Mayi, zinayamba liti?"

Ndinayang'ana pansi ngati namwali wotuluka m'tsimba.

"Yankhanitu achemwali," anatero mng'ono wanga. "Si munali ndi nyimbo yake?"

Ndinati nandolo takolola kawiri.

Mnyamata uja anakwatira kwina, ndipo kumjigo ndinkapita nditazolika, poti amayi ena ankang'ung'udza nyimbo yanga ndikamadutsa. Mankhwala poyamba ankamugonetsa mwanayo ngati wamwa kachasu. Pang'onopang'ono anayamba kudya nafe, kenako kudzipesa yekha. Tsiku lina tikusankha nyemba pakhonde anati, "Anganga, masiku aja mukuyimba, ine ndinkadikira kuti mundifunse."

 Ine, wa pakamwa posauma, ndinangoweramira nyemba zija.

Tsono m'mawa uliwonse ndimafunsa, "Lero akulankhula a m'wailesi aja?" Nthawi zina amati pang'ono, tikhale limodzi. Nthawi zina amati agona.

Ndipo linafika tsiku amayi a kumjigo anabwera pakhomo atakwiya. "Wolangika wanu uja wakankha ndowa zathu pamzere, n'kutiseka kuti ndife nkhalamba zochedwa!" Ndinagwada, ndinapepesa mmodzimmodzi, monga kuyenera. Atangotembenuka ndinalowa m'nyumba, ndinatseka chitseko, n'kululutira mpaka nkhuku zinathawa pakhonde.