Priska Woyeza Makamisolo ku Bangula

Pamsika wa Bangula, kuseri kwa amayi ogulitsa nsomba zowamba za makakana, pali chisakasa cha mabango chimene mbali imodzi anachitchinga ndi zitenje. Mwini wake ndi Priska Fole, mzimayi wamtali, wa mawu omveka mpaka tsidya la msewu. Amagulitsa kaunjika: masiketi, mabulauzi, timadiresi ta ana. Koma chimene chinamutchukitsa, n'kumudanitsanso ndi anthu ena, ndi makamisolo a masewera, aja okhuthala, opanda ngowe kumbuyo ndiponso opanda waya, ovala podutsitsa m'mutu ngati sikipa.

Tsiku lina kunabwera bambo wina pa njinga, akufuna kugulira mkazi wake. Priska atafunsa za thupi la mayiyo, bamboyo anapinda zikhatho pachifuwa pake kusonyeza kukula kwake.

"Achimwene, tsitsani manjawo," anatero Priska. "Sindiyeza mphepo ine. Mayiwo abwere okha ndi chifuwa chawo."

Bamboyo anachoka akung'ung'udza kuti malonda sayenda choncho, ndipo Priska sanamuitane kuti abwerere. Anthu amati ndi wamakani, iye savomera ndipo sakana.

Bambo ake a Priska, a Sebastiano, anawoloka kuchokera ku Mutarara m'masiku a nkhondo ya ku Mozambique, nakwatira a Magdalena, mwana wa Amang'anja a kwa Mlolo. Priska anakulira kumeneko, kummawa kwa Shire, kumene madzi osefukira amalowa m'nyumba osaodira. Ankalankhula Chisena ndi bambo ake, Chimang'anja ndi mayi ake, ndipo akapsa mtima ankasakaniza zonse. Kusukulu ankadziwika ndi mpira wamanja. Mikono yake inali yaitali moti akaima pansi pa goli, anzake ankangoponya m'mwamba n'kuyamba kuvina mpira usanalowe.

Ali Sitandade 7 mabere anamera, ndipo anamera osanyengerera. Akathamanga ankamva ngati mnofu ukung'ambika. Mayi ake anang'amba chitenje chakale n'kumumanga pachifuwa molimba, mfundo kumsana. Amene anakhalapo kuchigwa mwezi wa Okutobala akudziwa chimene thukuta limachita pansi pa nsalu yomanga. Khungu linasupuka, mpweya unkamuperewera. Akamasula nsaluyo, anyamata okhala m'mbali mwa bwalo ankayamba kanyimbo ka mapapaya, akuwomba m'manja motsatira kudumpha kwake. Palibe anamuletsa kusewera. Anangoleka yekha, monga amalekera atsikana ambiri, ndipo palibe anamufunsa chifukwa chake.

Anakwatiwa ndi Lorenso, msodzi wa m'dambo la Elephant Marsh, munthu wofatsa amene ankaseka akamva mkazi wake akukangana ndi ogula nsomba. Anabereka ana atatu, woyamba wamkazi dzina lake Melissa. Lorenso anamwalira bwato lake litagubuduzidwa ndi mvuu. Madzi osefukira a 2015 anatenga nyumba, mbuzi ndi mbewu zomwe, ndipo Priska anasamukira kumtunda, ku Bangula, pamalo amene anamupatsa alamu ake, a Augustino, mkulu wake wa malemuyo. Kumeneko ndi kumene anayambira geni ya kaunjika.

M'belo lina la kaunjikayo munatuluka tinthu tachilendo. Anzake a pamsika ankati ndi timalaya ta ana tosokedwa moperewera. Priska anatenga kamodzi kupita nako kunyumba, anakavala, n'kudumpha pakati pa chipinda. Palibe chinagwedezeka. Anadumphanso. Kenako anavala bulauzi pamwamba, anatuluka panja, nathamanga kuzungulira khola, nkhuku zikubalalika. Ataima sanaseke ayi. Chinamugwira ndi mkwiyo. Kansalu kochepa ngati aka kanalipo padziko nthawi yonse ija, iye akutukusira zilonda pansi pa chitenje!

Nthawi imeneyo Melissa anali atayamba kuyenda chowerama, mikono itapingasa pachifuwa, ndipo tsiku la masewera likafika mutu unkamupweteka. Matenda amenewo Priska anawazindikira. Anamupatsa kamisolo woyamba amene anamugwera m'manja, koma mwanayo anabwerako kusukulu akulira. Kamisoloyo anali wamkulu, moti Melissa atakweza manja kuti awakhe mpira, kamisoloyo anakwera n'kuunjikana pansi pa khosi. Wachiwiri anali wothina, anamusiya ndi mizere yotupa m'nthiti. Pamenepo Priska anaona kuti kungopereka sikokwanira, pamafunika kuyeza. Anayesa wachitatu ndi wachinayi, akumudumphitsa mwanayo pakhonde, mpaka anapeza woyenera.

Anzake a Melissa anayamba kubwera pamsika mmodzimmodzi, akulankhula monong'ona. Priska ankawalowetsa kuseri kwa zitenje, mtsikana n'kuvala yekha iye atafulatira. Manambala olembedwa pakansalu ka kumbuyo sankawakhulupirira, poti mabelo amachokera m'maiko osiyanasiyana ndipo lastiki wa kaunjika amabwera atatopa kale. Ankayamba wamukoka lastikiyo pafupi ndi khutu. Akamva kuthetheka ngati udzu wouma, kamisolo ameneyo ankapita pamulu wa zopukutira. Wabwino akapezeka, ntchito inkayamba.

"Lamba wam'munsiyu ndiye amanyamula katundu, osati zingwe za pamapewazi. Lowetsa zala ziwiri pansi pake. Zalowa? Yesa dzanja lonse. Lakana? Pyadidi, zili bwino. Kweza manja ngati ukuthyola masau. Lambayo wakwera? Ayi? Koka mpweya, dzaza chifuwa. Ukubanika? Tione m'khwapamu ngati mnofu ukusefukira. Werama ngati ukutola mpira. Tsopano dumpha."

"Pomwe pano, amake Melissa?"

"Ukadumphira kuti nanga? Dumpha! Kumeneko ndi kunyada, si kudumpha. Dumpha ngati waponda njoka."

Mtsikana akatera pansi n'kudziyang'ana pachifuwa modabwa, Priska ankadziwa kuti apeza. Madzulo ena ankatseka msanga chisakasa n'kupita kubwalo la sukulu kukaona ngati zoyeza zake zikugwira ntchito, ndipo anyamata oimba nyimbo zotukwana atsikana ankawathamangitsa ndi pakamwa pokha.

Nkhaniyo inayenda m'midzi, ndipo pofika m'makutu a mayi Immaculate, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, inali itasintha nkhope. Ena ankati Priska akuvula ana a eni. Ena ankati zothinazo zidzaumitsa mkaka, ana amenewa sadzayamwitsa. Ena ankati mtsikana wothamanga mosaopa chotero manyazi amuthera, ndipo wopanda manyazi sakhalitsa pabanja. A Augustino, amene anali wapampando wa komiti ya makolo pasukulupo, anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa nimu.

"Alamu," anayamba a Augustino, "ife tinakulandirani madzi atakusautsani. Lero mukutichititsa manyazi. Mwana wamkazi akakula amadziwa yekha kuti nthawi yolumphalumpha yatha. Inu mukuwauza kuti sinathe."

Priska anagwada monga mwa mwambo, nayankha mosatsitsa mawu.

"Sinathedi, alamu. Mwana wa Sitandade 7 nthawi yake yatha bwanji? Anyamata a msinkhu womwewo amasewera mpira chifuwa chili pamtunda, msonkhano simunaitanitse. Amaimba nyimbo zotukwana ana athuwa, msonkhano simunaitanitse. Lero ana avala cham'kati, chosaoneka ndi munthu, mwasiya madimba kudzakhala pansi pa nimu."

"Mukuwavula!" anafuula mayi Immaculate.

"Amavala okha, mayi, ine nditayang'ana kumbali. Ndipo zitenje zotchinga zija si khoma. Mayi aliyense abwere ndi mwana wake, adzayeze ndi zala zake. Za mkakazo, ine ndinamangidwa chitenje mpaka zilonda, koma ana atatu ndinayamwitsa, ali moyo mukuwaona."

Amayi ena anayang'ana pansi akumwetulira, koma palibe anaimirira kuti akhale mbali yake. Chigamulo chinali chakuti Priska asapondenso pabwalo la sukulu, ndipo mtsikana wodziwika kuti wavala chovala chake asasewere. Kenako anamuuza kuti apepese pamaso pa makolo.

"Nkhabe," anakana m'Chisena cha bambo ake, akudzuka ndi kusasa fumbi pachitenje. "Kupepesa ayi. Bwalolo ndi lanu, litengeni. Zifuwazo ndi za anawo."

Kuseri kwa nyumba yake kunali kamunda ka mapira. Atakolola anazula mapesi ndi zitsa zomwe, nasalaza ndi khasu, iye ndi Melissa, thukuta lili kamukamu. Anazika mitengo iwiri ya bulugama, pamwamba n'kukhomerapo malimu akale a njinga kuti akhale magoli a mpira wamanja. Mizere anailemba ndi phulusa. A Augustino atamva phokoso la atsikana anabwera, naima m'mphepete atagwira m'chiuno.

"Malo awa ndinakupatsani kuti muzilima."

"Munati ndi malo a ana a mng'ono wanu. Mmodzi wa anawo ndi uyo akudumphayo."

"Ndiye mudya mpira chaka chino?"

"Zikavuta tikakumba nyika, mizu ya kakombo ija, kudambo. Tinadyapo, sitinafe."

Zinavutadi. Chaka chimenecho mphika unkachedwa kukwera pamoto panyumbapo, a Augustino sanathandize ndi kalikonse, ndipo amayi ena anasiya kugula ngakhale masiketi pachisakasa chake. Priska anayamba kunyamula kaunjika pa njinga kupita misika yakutali, ku Sorgin ndi kwa Tengani, koma bwalo sanalilime.

Atsikana ankabwera madzulo dzuwa likapepa. Pakati pawo panali Anita, mwana wa mayi Immaculate, waliwiro kuposa onse, amene ankazemba kwawo ponamizira kukatunga madzi. Poopa kuonedwa pamsika, iye anangobwereka kamisolo wa mnzake wocheperako thupi. Priska anaona mwanayo akuimaima pakati pa masewera atagwira m'nthiti, namuitanira m'nyumba. Lamba anali atalowa m'mnofu, ngakhale chala chimodzi sichikanalowa pansi pake. Anamupatsa wina, ndipo ali mkati moyeza chitseko chinatseguka. Anali mayi Immaculate, chidebe cha mwana wawo chili m'manja.

"Vula chimenecho, tiye kunyumba!"

"Mayi, musanapite bwerani muone," anatero Priska, akumutembenuza Anita kuti msana uyang'ane kuwala. "Mizere yatsopanoyi ndi ya wobwereka uja. Zipsera zakudazi ndi za chitenje chimene amadzimanga popita kusukulu, inu osadziwa. Uyu wavalayu ndiye wa thupi lake. Ikani zala zanu apa."

Mayi Immaculate anatula chidebe, anatambasula dzanja, nalowetsa zala ziwiri pansi pa lamba, kumsana kwa mwana wawo. Anazisiya pamenepo kanthawi, maso ali pa zipserazo. Priska anayesa kuti zatheka. Koma mayiwo anachotsa dzanja, nalankhula chapansipansi.

"Bambo ake sangalole. Vula."

Anita sanabwerenso. Chaka chotsatira anasiya sukulu, nakwatiwa ku Nchalo. Za msonkhano wa pansi pa nimu Priska amazifotokoza akuseka, koma nkhani ya Anita akaiyamba amaidukiza pakati n'kuyamba kupinda zovala.

Ena anakhalabe. Chiletso chija palibe anachichotsa, chinangofota chokha, poti panalibe mphunzitsi wofuna kusuzumira m'mayunifolomu a ana, ndipo mphunzitsi wa masewera, mayi Mabel, anabwera okha kuchisakasa kudzayezedwa. Melissa sanakhale katswiri. Mikono ya amake sanatengere, amasewera kumbuyo ndipo amagwa kawirikawiri, koma amayenda atawongola msana. Timu ya pabwalo la phulusa imapita m'midzi yoyandikana, imapambana, imagonjanso. Masiku ano pachisakasa pamabweranso amayi akuluakulu opalasa njinga kupita kumadimba m'misewu ya mabampu, ndipo nawonso Priska sawamvera chisoni, amawauza kuti akweze manja ndi kuwerama ngati ana.

Chaka chatha Priska anakumana ndi Anita padoko, podikira bwato lowolokera kwa Mlolo. Anita anali ndi khanda kumbuyo, mayi ake ali pambali. Priska anapereka moni kwa mayi Immaculate mwaulemu, anaseweretsa khandalo, kenako analankhula mokweza moti opalasa mabwato anacheuka.

"Anita, mwanayu akaleka kuyamwa ubwere. Thupi lasintha, tidzayezanso. Pakati pa bwalo paja sitinapeze wa liwiro lako."

"Mkazi wapabanja ameneyu," anatero mayi Immaculate.

"Ndaona, mayi. Ukwati suthyola miyendo."

Bwato linafika, anthu anayamba kukankhana ndi njinga ndi matumba. Pokwera, Anita anadutsa pafupi ndi Priska, nafunsa monong'ona ngati amasewerabe Lachitatu ndi Loweruka.

"Eya," Priska anayankha, osanong'ona. "Ndi Lamlungu lomwe, anthu akatuluka m'tchalitchi."