Tsiku limene a Sikelo anakana kusaina khadi

Ankati kampani yagulidwa, ndipo wogulayo akuyendayenda mobisa ngati wapaulendo wamba, kuona oti awachotse ntchito. Nkhaniyi inachokera kwa mayi wosesa, amene anaimva kwa mlonda, ndipo mlonda ameneyu zambiri amazimva ali mtulo. Komabe sizinali zoti munthu n'kuseka. Kampani ya ndege zotchipayi inayamba ndi ndege zitatu, tikiti yake yongoposa pang'ono ya basi. Yoyamba anaigulitsa chaka chimene mafuta anasowa. Yachiwiri ili kuseri kwa shedi ngati nkhuku yososola, amangoizula zitsulo kuti yachitatu iziuluka. Tiyi wa m'ndege anatha kalekale, panatsala siwiti imodzi pa munthu.

A Sikelo anaziona zonsezi. Analowa ntchito ali ndi tsitsi, akunyamula zikwama. Lero oyendetsa ndege amati dazi lawo amaliona ali m'mwamba. Ntchito yawo ndi kuyeza: chikwama pasikelo, mwini wake pasikelo pomwepo, kenako n'kulemba pakhadi woti akhale kutsogolo ndi woti akhale pamapiko. Kandege ka mipando 19 sikafuna bodza. Kale ankangofunsa kuti, "Mumalemera bwanji?" Tsiku lina anthu onse anadzichepetsa, ndege n'kunyamuka mokwapula nsonga za mitengo ya kumapeto kwa bwalo, n'kukatera uko tayala lili ndi masamba. Kuyambira pomwepo a Sikelo sakhulupirira pakamwa pa munthu. Ngakhale abusa amakwera sikelo.

Ndiye Lachisanu lina masana, dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene ndege imachita ulesi kunyamuka, kumapeto kwa mzere kunafika bambo wa suti yotuwa, wathupi lake ndithu, akazi awo ali pambali. Bamboyo ankayang'ana denga lothonya la pamalopo n'kumalemba m'kabuku. Mayi wa matikiti anawatsina a Sikelo.

"Ndi omwewa, madala. Musawavute."

Akazi a bambo uja anakwera sikelo bwinobwino n'kutsika.

"Tsopano inu, bwana. Pondani apa."

"Lembani 90," anatero bambo uja.

"Imalemba ndi sikelo, bwana. Ine ndimangokopera."

"Ndati 90. Mukundiona ngati thumba la simenti?"

A manijala anatuluka mu ofesi chothamanga, tayi ili paphewa, n'kuwakokera a Sikelo pambali.

"Madala, lembani zimene anena bwanawa. Kwatsala zaka ziwiri kuti mupume. Mukufuna mupume lero?"

A Sikelo anayang'ana khadi. Anthu 17 anali atakwera kale m'ndege, ndipo kulemera konse kunali kutayandikira mzere wofiira. Anaganiza za mayi a kunyumba, amene sadziwa ntchito ina ya amuna awo koma iyi. Anaganizanso za masamba aja patayala. Cholembera anangochibweza m'thumba la malaya.

"Sindisaina."

Khadi likapanda kusainidwa, kaputeni saliza injini. Panadutsa mphindi khumi. Kaputeni anasuzumira pakhomo la ndege, malaya atanyowa.

"Achimwene, anthu akupsa muno. Tikupita kapena tiwatembenuze apse mbali inayi?"

Palibe anaseka. A manijala ananong'ona kuti, "Lolemba tionana mu ofesi." Bambo wa suti anatsekula kabuku kaja, n'kuyang'ana a Sikelo kuyambira kudazi mpaka kunsapato. Koma chala cha a Sikelo chinali chikulozabe sikelo.

Kenako akazi a bambo uja anayankhula.

"Abambo, si munandiuza kuti mwatsika kufika pa 90? Kwerani, nanenso ndione."

Bamboyo anavula jekete, anavula nsapato, anapereka foni, makiyi, ngakhale kampango kopukutira thukuta. Anaponda ndi phazi limodzi kaye, ngati akuyesa madzi osamba. Muvi wa sikelo unadutsa pa 90 osapereka n'komwe moni, n'kukaima pa 127.

"Nanga kuthamanga kwa m'mawa kuja," anafunsa mayiwo motsitsa mawu, "mumathamangira kuti?"

A Sikelo sanadikire yankho. Anawerengera pakhadi, anatsitsa makatoni awiri a katundu kuti adzapite mawa, bamboyo n'kumuika pamapiko penipeni, kenako anasaina. Anaima pawindo mpaka ndege inadutsa mitengo ija. Inadutsa, koma mpata wake unali woti mbalame yonenepa sikanakwanapo.

Lolemba anafika molawirira, atavala malaya atchalitchi, kuti ngati n'kuchotsedwa achotsedwe ali aukhondo. A manijala anawadutsa osawayang'ana kumaso, n'kungoti, "Sikeloyo muithire mafuta, ikulira."

Kampani sinagulidwe. Bambo uja amagulitsa malata, ndipo m'kabuku muja ankalemba za denga.