Dontho la kuseri kwa tayala la alamu

Lachinayi lapitali achemwali anga, mayi a Chifundo, anandiimbira foni dzuwa lisanakwere. Sanayambe ndi moni wawo wautali uja wofunsa ana mmodzimmodzi. Anangoti ndifike ku Chiringa ndidzaone galimoto ya alamu, chifukwa mtima wawo sukukhala m'malo.

Ine za galimoto ndimadziwa zochepa. Ndinayendetsapo ya kuntchito zaka zingapo, basi. Koma mlongo wako akakuitana ndi mawu otsika chotero, sufunsa zambiri. Ndinakwera njinga yamoto n'kupita.

Ndikuuzeni kaye za alamu angawa. A Namakhwa anabwera pamudzi pathu ngati mkamwini ine ndikadali pasukulu, ndipo lero ndi iwo amene anthu amathamangira kukagwa kanthu. Ali ndi pikapu yoyera, yokalamba, yomwe chitseko chake chakumanzere chimatsekulidwa ndi munthu wochidziwa yekha. Nandolo wa pamudzi amapita kumsika pa galimoto imeneyi. Mayi akayamba kumva m'mimba, ndi yomweyo. Bokosi la maliro, ndi yomweyo. Akwati, ndi yomweyonso, atangoimanga maluwa a bugenivila. Alamu sadziwa kukana munthu. M'mawa amayamba kupukuta galasi la galimoto asanasukusule nkhope yawo, ndipo achemwali analeka kalekale kuchitira nsanje mkazi mnzawo wa matayala anayiyu.

Alamu anali atalonjeza kuti Loweruka adzanyamula amayi a kutchalitchi kupita ku chinkhoswe ku Nkhulambe. Amene munayendako mukuidziwa njira yake: zitunda, matsitso, timilatho topapatiza, ndi njinga zolemedwa ndi makaka, chinangwa chouma chija, zomwe sizipatuka msanga. Achemwali ndi amene amatsogolera nyimbo m'gulu limenelo.

Nditafika ndinapeza alamu apita kudimba. Achemwali ananditengera pansi pa mtengo wa mango pomwe galimoto imagona, n'kundilozera pansi, mkati mwa tayala lakumbuyo chakumanzere. Panali kadontho kakuda pa dothi, kosaposa chikhatho cha mwana. Anati amasesa pabwalopo tsiku ndi tsiku, amakakwirira, koma kukacha amakapezanso. Mafuta a injini amadontha kutsogolo, amenewo anawazolowera. Kakumbuyoka n'kachilendo. Ananenanso kuti kudzala kwachuluka timabotolo tating'ono topanda kanthu, tomwe kale sankationa.

Kenako anatsitsa mawu.

"Achimwene, mwendo wa alamu anu wayamba kuvina. Akafuna kuima amaponda, kuponda, kupondanso, ngati telala pa makina. Ndikafunsa amati ndi mmene amayendetsera akatswiri."

Ndinalowa m'galimotomo n'kuponda buleki. Phazi linangolowa ngati ndaponda papaya lakupsa. Nditapopa kangapo chopondera chinakwera n'kulimbako. Nditagwira osasiya, chinayamba kutsika pang'onopang'ono mpaka pansi. Sindine makanika, koma ndinadziwa kuti buleki yabwino siitero.

Alamu anatipeza choncho, ine pampando wawo, akazi awo ataima pambali manja ali kumbuyo. Anatsamiritsa khasu pamtengo, n'kutiyang'ana tonse awiri. Anadziwa kuti mlandu wazengedwa iwo kulibe.

Sanakwiye. Anandipatsa moni, kenako anafotokoza modekha kuti palibe chodetsa nkhawa. Galimoto ikakalamba imamwa, anatero, ndipo iwo amaithira mafuta a mabuleki m'mawa uliwonse asananyamuke. Anatulutsa botolo kuseri kwa mpando n'kundionetsa monyadira kuti ndi mafuta enieni, osati madzi a sopo omwe madalaivala ena amathira akapanikizika. Pamenepo ankanena zoona. Madzi a sopo, mafuta ophikira kapena oyilo wa injini amawononga malabala a m'kati, ndipo mabuleki amatha tsiku lomwe sukuyembekeza.

Koma awerengi anzanga, mafuta a mabuleki si petulo. Sapsa, satuluka ndi utsi. Amakhala m'mapaipi otsekeka, ntchito yake n'kutenga mphamvu ya phazi lanu kukaifikitsa ku matayala. Amatsikako pang'ono kwambiri zomangira, zija zimagwira tayala kuti liime, zikamadyeka, pa miyezi yambiri. Ngati mukuthira lero, mawa n'kuthiranso, galimotoyo sikumwa ayi. Ikutaya. Ndipo funso siliyenera kukhala lakuti botolo lina mugula kuti, koma lakuti la dzulo lapita kuti.

Ndinayesa kunena zimenezi mwaulemu, poti mkamwini wamkulu sumamuphunzitsa za galimoto yake pamaso pa mkazi wake. Alamu ankangogwedeza mutu, uku akupukuta galasi lomwe linali loyera kale. Anati Loweruka lidutse kaye, chifukwa amayi aja anasoka kale yunifomu, ndipo sabata ya mawa apita nayo kugalaja.

Apa achemwali analowererapo. Atalankhula sanakweze mawu.

"Bambo a Chifundo, ine ndikwera. Ndinalonjeza kutchalitchi kuti ndidzakhala nanu mpaka imfa. Koma amayi enawo sanalonjeze zimenezo."

Alamu analeka kupukuta. Anayang'ana bokosi la kumbuyo kwa galimoto kwa kanthawi, ndipo ndikhulupirira ankaona nkhope za anthu omwe amakhalamo, poti onse amawadziwa mayina ndi ana awo omwe. Kenako anapisa m'thumba, natulutsa foni, n'kuimbira a Mulepa.

A Mulepa ndi makanika wa pa Chiringa, mnzawo wa alamu kuyambira ali anyamata. Atamva nkhaniyo anakana kuti galimoto ipite kwa iwo. Anati ya mabuleki otero siyendetsedwa ngakhale kukafika pa msika, abwera okha. Anafika pa njinga, jeke ndi masipanala atamangirira pa kaliyala.

Ndinakonda mmene anagwirira ntchito yawo. Sanathamangire tayala lomwe tinkawalozera. Anayamba kutsekula boneti n'kuona kabotolo ka mafuta a mabuleki, komwe kanali katatsika ngakhale alamu anathira dzulo lake. Anapapasa pansi pake, pa silinda yaikulu yomwe imakankha mafutawo, napeza pouma. Anasuzumira m'kati, pamwamba pa chopondera, poumanso. Anagona pansi n'kulondola mapaipi ndi chala kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, akuyang'ana dzimbiri ndi ming'alu. Anati munthu ukapeza podontha pamodzi usasangalale msanga, mwina alipo awiri.

Atafika pa tayala lija anatiitana. Mkati mwake munali monyowa, fumbi litasanduka matope akuda. Anakweza galimoto, kuchotsa tayala, kuvula chitsulo chozungulira chomwe amati dilamu. Kasilinda kakang'ono ka m'katimo kanali kakulira misozi. Labala yake inali itatha, ndipo zomangira zonse zinali zitanyowa mafuta moti sizikanagwiranso bwino.

Anafotokoza kuti pomwe mafuta akutulukira, mpweya umapezanso njira yolowera, makamaka kabotolo kakaphwa. Mafuta safinyika, n'chifukwa chake buleki yabwino imalimba. Mpweya umafinyika. Ukaponda, phazi limayamba lapanikiza mpweyawo m'malo mogwira tayala, n'kumva ngati waponda siponji. Kupopa kumathandiza kwa kamphindi, koma kupopa kulikonse kumafinyiranso mafuta ena panja.

"A Namakhwa, mafuta mumagula abwino ndithu," anatero akupukuta manja. "Koma mwakhala mukuthirira mango."

Alamu anaseka mpaka kutsokomola. Ndi mnzako yekha wa paubwana amene angakuuze choncho iwe n'kuseka.

Zipangizo zinafunika kukagula ku boma, choncho ntchito inagona. Madzulo ake, tikudya chinangwa chophika pakhonde, ndinawafunsa alamu chifukwa chomwe anakhalira nalo vutoli osanena. Ndinkayembekeza kuti anena za nyengo ya nandolo, kuti galimoto singaime anthu akufuna kupita kumsika. Ananenadi zimenezo. Koma kenako anawonjeza zina.

"Alamu, ndinkaopa kuti akaitsekula andiuza kuti yatha."

Mawu amenewa akhala akundizungulira m'mutu sabata yonse. Timakonda kunena kuti anthu oyendetsa galimoto zowonongeka ndi osasamala za moyo wa anzawo. Alipo otero, sindikana. Koma ambiri ali ngati alamu anga. Amachikonda chinthucho, amadalira icho, anthu amawadalira chifukwa cha icho, ndiye amaopa kufunsa funso lomwe yankho lake lingawasiye manja lende. Amasankha kuthira. Kuthira sikufunsa mafunso.

Ndipo si madalaivala okha. Denga likadontha timasuntha mphasa n'kuika beseni, chaka chino, chaka chamawa, mpaka phaso litaola. Wakabaza mabuleki akatha amamanga ndi patapata pa tayala, ife n'kumuyamikira kuti ndi wochenjera. Mu minibasi timamuona dalaivala akupopa pa matsitso, timayang'anana, wina amayamba kapemphero ka mumtima, koma palibe amatsekula pakamwa. Tikafika timati Mulungu ndi wabwino. Ndi wabwinodi. Koma kodi si Iye yemwe anatipatsa maso oonera dontho?

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Mabuleki okha amaimba. Amayamba ndi kufewa, kenako kadontho, kenako kabotolo kosakhuta. Vuto ndi lakuti amene amamva ng'omayo msanga nthawi zambiri si mwini chiwongolero. Ndi uja amakhala pambali, uja amasesa pabwalo, uja timamuyankha kuti, inu za galimoto mukudziwapo chiyani?

Lachisanu masana a Mulepa anamanga kasilinda katsopano ndi zomangira zatsopano mbali zonse ziwiri zakumbuyo. Kunatsala kutulutsa mpweya m'mapaipi, ntchito yomwe munthu sagwira yekha. Pamafunika wina wopopa m'kati, wina wotsekula kanati kakang'ono ku tayala, ndi wina woonetsetsa kuti kabotolo kakutsogolo kasaphwe. Ndinadzipereka kupopa. Achemwali anakana. Anati iwo ndi amene akakwere galimotoyo ndi anzawo, ndiye akufuna kumva ndi phazi lawo.

Zaka zonsezi anali asanakhalepo kumbali ya chiwongolero. Miyendo inaperewera, mpaka tinawaikira pilo kumsana. Anavula patapata, n'kukwinya chitenje, nkhope ili gwa ngati akulemba mayeso. A Mulepa ali pansi ankaitana kuti popani, gwirani, musasiye. Achemwali ankayankha kuti ndagwira. Kanati kakatsekulidwa, mafuta ankatuluka ndi thovu, akulavula ngati mpopi wa m'mawa. Alamu anaima kutsogolo ndi botolo, akuthira pang'onopang'ono, ndipo nthawi ndi nthawi ankasuzumira m'mbali mwa boneti kuti aone akazi awo. Sindinawaonepo akumwetulira chotero chiyambire.

A Mulepa anazungulira matayala onse mpaka thovu linatha. Achemwali anaponda komaliza, chopondera chinaima pamwamba, cholimba ngati mwala. Anagwira nthawi yaitali kudikira kuti mwina chitsika. Sichinatsike. Anatuluka n'kupita kukatereka madzi a tiyi.

Loweruka amayi anapita ku Nkhulambe, anavina, anabwerako mawu atasasa. Panjira sipanachitike chilichonse. Palibe mbuzi inadumphira mumsewu, palibe njinga inagwa kutsogolo kwawo. Ndikudziwa kuti nkhani ikanakoma kukanakhala kuti mabuleki atsopanowo anapulumutsa anthu pa mlatho, koma ine ndikuuzani zomwe zinachitika. Ntchito ya mabuleki abwino ndi yomweyo, kuti madzulo pasakhale chosimba.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi alamu anandiperekeza kokwerera njinga. Tinayenda kamtunda ndithu akukamba za mitengo ya nandolo ndi mvula ya chaka chino. Titatsala pang'ono kufika, anaima n'kundifunsa, maso ali kumbali, ngati kuchipatala amamuyeza munthu asanagwe. Anati papita miyezi akumva chizungulire akaweramuka kudimba, ndi mutu wa kumbuyo kuno, ndipo akhala akungomwa mapiritsi a pa okala.

Ndinawauza kuti amayeza, ndipo sizitenga nthawi. Anati ndisawauze achemwali anga, akawauza okha. Anawauzadi tsiku lomwelo, ndipo Lolemba anapita limodzi. Anawapeza ndi kuthamanga kwa magazi, anawapatsa mankhwala, n'kuwauza kuti achepetse mchere ndipo azibwera kudzayezetsa. Alamu atandiimbira foni kundiuza, mawu awo anali opepuka ngati a munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Nanga inu, n'chiyani chomwe mukuopa kutsekula kuti angakuuzeni kuti chatha, pomwe mwina chikungofuna labala imodzi?